A Bogumil Atambasula Miyendo

Zaka zisanu ndi chimodzi Jagoda akugwira ntchito yoyandamitsa anthu m'mphepo ku Katowice, bambo ake, a Bogumil, anali asanapondeko phazi. Ankati zimenezo n'zachibwana. Iwo paunyamata wawo anali msilikali wolumpha m'ndege, analumpha maulendo makumi anayi ndi umodzi, ndipo nkhaniyo ankaikamba mpaka anthu kuiloweza. Koma chinkawaletsa kupitako sichinali chipongwe ayi. Ankaopa kuti mwana wawo, amene amaidziwa mphepo, akawatulukira.

Loweruka lina m'mawa akazi awo, a Halina, anatopa nazo.

"Valani nsapato, abambo inu. Mwana wasiya kukuitanani, ndiye inu mukuona ngati zili bwino zimenezo?"

Anapita. Chipinda choyandamiramo anthucho ndi chagalasi, chozungulira ngati nkhokwe. Pansi pali ukonde wa waya, ndipo mphepo imatulukira kunsi kwa ukondewo ndi mphamvu yoti n'kunyamula munthu. Jagoda anawaveka ovolosi, chisoti ndi magalasi, n'kuyamba kuwalangiza monga amachitira ndi mlendo aliyense: chibwano m'mwamba, manja atambasuke, miyendo italikirane. M'katimo mawu samveka, amalankhulana ndi zala.

"Ndikaonetsa zala ziwiri chonchi, muwongole miyendo. Mukumva, ababa?"

"Iwe, ine ndinkalumpha iwe usanabadwe."

"Ndikudziwa. Chibwano m'mwamba."

A Bogumil atangodziponya m'mphepomo, thupi linakumbuka zake zakale. Ku usilikali anawaphunzitsa kuti ukamatuluka m'ndege uphatikize miyendo, chibwano chigunde pachifuwa, manja afungatire pamimba, mpaka chingwe chomangidwa ku ndege chikutsegulire parachuti. Ndiye anadzipinda momwemo. Munthu wodzipinda, mphepo imasowa pomugwira. Anagwera pa ukonde ngati thumba la mbatata, Jagoda n'kuwadzutsa, iwo n'kugweranso. Mwanayo ankaonetsa zala pamaso pawo, koma ankaonetsa ndani? Mkuluyo anali atatsinzina zolimba. Mphindi yawo yoyamba inatha akungogubuduzika.

Kunja kwa galasi a Halina ankapukuta misozi ndi kuseka. Jagoda sanaseke. Atatuluka, anakhala pambali pa bambo ake pa benchi, n'kutsitsa mawu.

"Munatsinzina."

A Bogumil anayang'ana nsapato zawo. Manyazi anawagwira kwabasi, imvi zili mbuu.

"Maulendo onse aja ndinkatero," anayankha. "Ndinkatsegula maso parachuti itatseguka kale. Pakhomo la ndege ankachita kundikankha sajeni. Kuuluka ndimakamba kuja sindikudziwa ine."

"N'chifukwa chake simunkabwera?"

Anavomera ndi mutu.

"Ine ndinkayesa mumanyoza ntchito yanga."

"Pakamwa ndinkanyozadi. Kunyozako kunali kosavuta."

Jagoda anawalimbitsa lamba wa chisoti chija.

"Mwatsala ndi mphindi ina. Mphepoyi musalimbane nayo, ingoigonerani chafufumimba ngati mmene mumagonera pa sofa mukakhuta msuzi wa amayi. Ndipo muziyang'ana ine basi."

Analowanso. Miyendo inkafuna kuphatikizana yokha, iwo anachita kuikakamiza kuti italikirane. Jagoda anawagwira paphewa ndi pantchafu, kenaka anabwera kutsogolo kwawo n'kuonetsa zala ziwiri. Ulendo uno anaziona, ndipo anawongola. Mphepo inawalandira pamimba, n'kuwakweza pang'onopang'ono mpaka kufika m'chiuno mwa mwanayo. Masaya ankagwedezeka okha, mphuno ikuchucha, ulemu wonse wa msilikali utapita ndi mphepo, koma maso anali pa Jagoda. Apa m'pamene anaona ntchito ya mwana wawo. Phewa lisanapendekeke n'komwe, iye anali atadziwa kale. Bondo likangopindika, chala chake chinali chitanena. Sankafulumira, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene ali pakhomo pake.

Kenaka anazindikira kuti manja onse awiri a Jagoda ali pamaso pawo, opanda kanthu. Panalibe amene ankawagwira. Mantha analipobe, koma anasakanikirana ndi chimwemwe chimene sanachiyembekezere, ndipo anaseka okha, mphepo n'kuwaumitsa mano.

Mphindi itatha, a Bogumil anatuluka. Pa benchi paja panali mayi wina wovala kale chisoti, akudikira nthawi yake, manja atawapana ndi mawondo.

"Pepani abambo, n'zoopsa?" anafunsa mayiyo.

"Kwambiri, mayi. Koma ingomverani aphunzitsiwo, amaidziwa ntchito yawo." Anapuma kaye, kenaka anakweza mawu. "Ndi mwana wanga ameneyo."

Jagoda anatenga mayi uja n'kulowa naye osacheuka.

"Sanamve," anatero a Halina. "Ali ndi zotsekera m'makutu. Mubwereze akatuluka."

A Bogumil anakhala pansi, ovolosi osavula, n'kuyamba kumudikira.