Chithunzi Chopanda Paudala

Namwino wa kafukufuku anapeza wometa tsitsi akukweza pangolo mipando yobwereka, tsiku lachitatu chiikireni mkazi wake m'manda. Wometayo anatsitsa mpando umodzi, n'kuupukuta ndi chikhatho, n'kuuika pamthunzi. Zaka zisanu ndi ziwiri zosamalira wodwala lupasi, matenda odana ndi dzuwa, zinamuzoloweza kusakhazika munthu aliyense padzuwa.

"Ndabwera nthawi yoipa, bambo," anatero namwino, "koma osindikiza atipatsa mpaka Lachisanu."

Anaika envelopu pamiyendo n'kufotokoza pang'onopang'ono. Zina wometayo ankazidziwa: kuti mkazi wake ankapereka magazi mwezi ndi mwezi kuti madokotala aphunzire matendawa, ndiponso kuti Loweruka lililonse ankasonkhanitsa odwala anzake, omwe ankamutcha Mayi Ambulera poti sankayenda padzuwa popanda ambulera. Chimene sankadziwa n'chakuti gululo linakonza pepala lokamata m'zipatala zing'onozing'ono, losonyeza mmene lupasi imaonekera pankhope. Zithunzi zimene anali nazo zinali za anthu oyera khungu, zidzolo zili psuu, pomwe pakhungu lakuda sizioneka choncho. Malemu anapereka nkhope yake.

"Anasaina yekha," anatero namwino. "Koma poti watisiya, sitingasindikize banja likukana."

"Banja likukana."

Anali mayi a malemu. Ankapinda zovala za mwana wawo pabalaza, ndipo zenera la nyumba ija silinkasunga chinsinsi. Anaima pakhomo, diresi la manja aatali lili paphewa.

"Mwana wanga ngakhale kokataya zinyalala sankapita asanadzole paudala. Anthu amunena mokwanira, awa akuti ndi matenda aja, awa akuti analodzedwa. Lero wagona, mukufuna azimulozanso pakhoma? Tengani chithunzi cha paukwati."

"Cha paukwati n'chokongola, amayi, koma sichingathandize munthu," anatero namwino. " Mwana wanu anamwa mankhwala a malungo zaka zinayi matenda ake asanadziwike. Impso zinaonongeka nthawi imeneyo. Pali wina lero amene akumwa omwewo."

"Ameneyo ali ndi amake," anayankha mayiwo. Kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo. "Inu apongozi, mwangoti duu? Mkazi anali wanu."

Wometayo anali wotopa, kutopa koti ukhoza kuvomereza aliyense amene walankhula pomaliza kuti angokusiya ukhale pansi. Miyezi iwiri ya pabenchi la kuchipatala inali idakali m'msana mwake. Ndi iye amene ankagula paudala uja. Tsitsi litayamba kuthothoka, ndi iye amene ankatseka shopu msanga, n'kumukhazika mkaziyo pampando wa makasitomala, n'kumeta mwaluso mpaka madazi a m'mbali asaoneke. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, ankanyadira imeneyo.

"Sanandiuze, amayi," anatero. Ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa nkhani ya chithunziyo.

"Ankadziwa kuti mukana," anatero namwino motsitsa mawu. "Ankati inu ndi amayi mwagwira ntchito yaikulu yomubisa, ndiye akuopa kukuchotsani ntchito."

Wometayo anaseka kamodzi, kuseka kotulukira m'mphuno, maso n'kudzaza misozi. Mawuwo anali a mkazi wake enieni. Anatambasula dzanja, namwino n'kumupatsa envelopu.

"Musatsegule zimenezo pakhomo pano," anatero mayiwo, koma sanasunthe.

Anatsegula. Mkazi wake anali atakhala pampando wa kuchipatala, nkhope ili poyera. Zidzolo zakuda zinachoka tsaya ili, kudutsa pamphuno, kukafika tsaya linalo. Tsitsi analipesera kumbuyo dala, madazi onse amene mwamuna wake ankaphimba ali pamtunda. M'dzanja anagwira kansalu konyowa kodetsedwa ndi paudala. Ankamwetulira ngati mmene ankachitira akapambana mkangano.

Nkhope imeneyi wometayo ankaiona m'mawa uliwonse kwa mphindi zochepa chabe, asanathandize kuiphimba. Sanaganizepo zoifunsa ngati ikufuna kuphimbidwa.

"Analemba kuseri," anatero namwino.

Zilembo zinali zokhotakhota, chifukwa zala zinali zitatupa kale. Wometayo anawerenga mokweza: "Musakonze chilichonse, ndimaoneka chonchi. Wina akafunsa za tsitsi, wometa ndi mwamuna wanga, amatsegula seveni koloko."

Mwini ngolo anatsokomola pageti, n'kuyang'ana kumbali.

"Ine ndisaina, amayi," anatero wometayo. "Koma mwana ndi wanu. Mukakana, pepala la chilolezoli libwerera mmene labwereramu."

Mayiwo anatsika pakhonde mwapang'onopang'ono, mawondo akulira. Anamulanda chithunzicho n'kuchitalikitsa ndi maso, poti magalasi anawasiya m'nyumba. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanayu sankamva," anatero. "Chiyambire ali wamng'ono."

Ananyowetsa chala chachikulu ndi malovu, monga ankachitira kale mwanayo akamapita kusukulu, n'kuchikweza kuti apukute tsaya lija. Chalacho chinaima m'malere. Anachitsitsa, n'kuchipukutira pa diresi linali paphewa lija.

"Anamwino," anatero osacheuka, "cholembera chanucho chimalemba?"