Thawulo Lobiriwira Pachingwe

Achimwene anga ndi ometa tsitsi, ndipo kale ukalowa m'shopu mwawo unkatuluka mutu uli mbee, nthiti zikuwawa ndi kuseka. Ndi iwo amene anandipatsa dzina lakuti Wailesi ndili mwana, ati pakamwa panga palibe pothimitsira. Dzinalo linandikakamira mpaka lero, moti ngakhale anthu obwera kudzasoketsa zovala amandiitana choncho.

Chaka chatha achimwenewo anangozima. Palibe anamwalira, palibe anawabera. Anayamba kutsegula shopu mochedwa, kenako osatsegula n'komwe. Ndevu zinawirira pankhope ya munthu amene ankati ndevu zosasamala ndi ulesi woonekera patali. Tsiku lina nditawapititsira chakudya m'chipinda chawo cha lendi, anandiuza mawu amene mpaka pano sindinawaiwale.

"Wailesi, mwina zikanakhala bwino ndikanangogona osadzukanso."

Ananena motsitsa, ngati munthu wopempha mchere. Ine ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, ndipo tsiku lomwelo ndinawakokera kuchipatala.

Anamwino amene tinawapeza anali mayi wosapupuluma. Anati amenewa ndi matenda a maganizo, si ulesi, ndipo amachizika. Anapereka mapiritsi, kenako anawayang'ana achimwene m'maso.

"Bambo, musayambe ndi zikuluzikulu. Kudzuka, kutsegula zenera, kusamba, kudya kanthu, kuwothera dzuwa pang'ono. Chimodzi chikatheka, tsiku limenelo silinapite pachabe."

Ine anandikokera pambali. "Muziwayang'anira. Maganizo ajawa akabweranso, musadikire mawa, mubwere nawo."

Ndinafuna kuwatengera kwanga, iwo anakana kwamtuwagalu, ati si khanda. Ndinafuna kumabwera m'mawa uliwonse kudzawadzutsa, ati phokoso langa lingawamalize msanga kuposa matendawo. Ndiye tinapangana chinthu china. Makina anga osokera amakhala pakhonde la sitolo ya utoto, tsidya lina la msewu, ndipo ndikakhala pamenepo ndimaona bwinobwino chitseko chawo ndi chingwe choyanikapo zovala. Tinagwirizana kuti akasamba aziyanika pachingwepo thawulo lobiriwira, lija ankakoleka anthu m'khosi pometa. Ine ndikaliona ndizidziwa kuti adzuka, asamba, ali moyo, ndipo ndisawoloke msewu kukawasokosera.

Kuyambira pamenepo m'mawa wanga unali wa chingwe chimenecho. Ndinkafika, n'kuvundukula makina, koma phazi silinkapalasa mpaka thawulo lioneke. Likachedwa, ndikadzikakamiza kusoka ndinkangolakwitsa. Tsiku lina ndinasoka thumba la buluku la aphunzitsi ena n'kulitsekeratu, iwo n'kundifunsa ngati ndikufuna asiye kuwononga ndalama. Ndinaseka nawo, maso ali tsidya. Kenako chitseko chinkatseguka pang'ono, achimwene n'kutuluka atawerama, kuyanika thawulo, n'kubwereranso m'kati. Apo m'pamene ndinkapuma.

Masabata anadutsa thawulo osajomba. Ndinayamba kudzitama. Azakhali athu atayimba foni ndinawauza kuti munthu akuchira, akusamba tsiku ndi tsiku, posachedwapa atsegula shopu. Paja amati pakamwa m'pa boma, koma panga ndiye pamathamanga kusiya mwini wake m'mbuyo.

Ndiye kunabwera tsiku la mphepo. Achimwene anayanika thawulo ngati kale n'kulowa. Pasanapite nthawi mphepo inalikwatula, n'kuligubuduza m'fumbi kulowera kungalande. Ndinasiya diresi la mwini wake pamakina, ndinawoloka msewu n'kulitola.

Linali louma.

Ine ndine telala, nsalu siingandinamize. Thawulo limene munthu wangodzipukutira limalemera, limazizira m'manja, limanunkhira sopo. Ili linali lopepuka, lokhakhala, ndipo linkamveka fungo la chipinda chotseka. Ndinazungulira kuseri kubafa. Sopo amene ndinawagulira mwezi watha anali pakhoma pomwepo, zilembo zake zikuwerengekabe. M'ndowa kangaude anali atamangamo nyumba.

Ngati thawulo lakhala likunama nthawi yonseyi, china chimene chikunama n'chiyani? Mapiritsi aja akumwadi? Chakudya chimene ndimasiya pakhomo chimalowa m'mimba mwawo kapena m'dzala? Ine ndakhala tsidya ndikusoka n'kumaimba nyimbo, munthu akumira ndikumuona.

Ndinathamangira kuchitseko n'kugogoda. Kunali zii.

"Achimwene!"

Zii. Amayi a chipinda choyandikana anatuluka manja ali thovu lokhalokha, n'kuima pakhomo. Nkhope yawo inandiwonjezera mantha. Ndinakankha chitseko, chinali chosakiya.

M'katimo munali mdima, katani atatseka. Achimwene anali pabedi atafunda bulangeti mpaka kumutu, atayang'ana kukhoma. Ndinaima pakhomo ndikuyang'anitsitsa bulangetilo, ndikupempha Mulungu kuti lingosuntha. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Kenako linakwera pang'ono, n'kutsika.

Mantha atapeza potulukira anasanduka mkwiyo.

"Mwakhala mukundinamiza! Thawulo ili ndi louma, sopo simunamukhudze, ine kumauza anthu kuti mukuchira! Mukufuna ndidzakupezeni mutatani, achimwene? Mukufuna ndidzawauze chiyani azakhali?"

Anatembenuka pang'onopang'ono. Maso anali atalowa, ndevu zili nyankhalala.

"Tachepetsa voliyumu, Wailesi."

"Sindichepetsa!"

"Kusamba kwandikanika," anatero. "Ndikaganiza zotunga madzi, kuvula, kudzipaka sopo, zimakhala ngati andiuza kuti ndisenze nyumba yonseyi. Koma thawulo sindinajombepo."

"Thawulo louma lithandiza chiyani?"

Anayang'ana kudenga.

"Iwe ukuona ngati pachingwe paja m'pafupi. Ndikatsegula maso m'mawa, choyamba kubwera ndi maganizo aja ndinakuuza aja. Amandiuza kuti usadzuke, palibe chodzukira. Ndiye ndimakumbuka kuti Wailesi wafika, wakhala pamakina, ndipo sasoka kanthu mpaka aone thawulo. Ndimalimbana nawo mpaka phazi litsike pansi. Kusamba sindisamba, n'zoona. Koma ndimadzuka."

"Nanga mapiritsi?"

Analoza pampando. Pepala lake lonyezimira linali pamenepo, mabowo ambiri ali opanda kanthu.

"Ndimamwa ndikachokera kuchingwe, poti ndimakhala ndaimirira kale."

Kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga wailesi inathima yokha. Ndinakhala pansi pasimenti, thawulo lili pamiyendo. Ndinachita manyazi ndi kukalipa kwanga, koma mantha sanachoke, chifukwa ndinali nditamva bwino zimene ananena. Ndinafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Maganizo ajawa akubwerabe tsiku lililonse?"

"Amabwera."

"Ndiye tikupita kwa anamwino aja lero lomwe. Anati tisadikire mawa."

"Ndikuoneka chonchi?" Anadzigwira ndevu. "Ometa tsitsi?"

Ndinatenga kabeseni kakang'ono kamene ankaviikamo burashi pometa ndevu za anthu, ndinakatsuka pampopi, n'kubwera nako kali ndi madzi. Ndinatsegula katani pang'ono n'kukaika pamaondo pawo.

"Si nyumba yonse iyi. Kumaso kokha."

Anakayang'ana kabeseniko nthawi yaitali. Lilime linkandiyabwa kuti ndiwalimbikitse, koma ndinaliluma. Ndinkaopa kuti akakankha n'kufundanso bulangeti. Kenako anaviika zala. Anatapa madzi n'kudzithira kumaso, kachiwirinso, madzi akuyenderera m'ndevu mpaka pamalaya. Ndinakung'untha fumbi pathawulo n'kuwapatsa, anadzipukuta.

Nditatambasula dzanja kuti ndikaliyanike, analigwiritsitsa.

"Ayi. Imeneyi ndi ntchito yanga."

Anaimirira, anadutsa amayi aja amene anali akadali pakhomo, n'kutuluka akuphethira ndi dzuwa. Analiyanika bwinobwino, n'kulipana mbali zonse ziwiri kuti mphepo isalitengenso. Ine ndinabwera pambuyo pawo, ndipo sindinathe kudzigwira, ndinalikhudza. M'mbali monse linali louma ngati kale, koma pakati panali ponyowa, malo aakulu ngati nkhope ya munthu.

"Wakhutira?" anafunsa.

"Valani nsapato," ndinatero, dzanja langa lili pomwepo.