Timibulu ta Chikasu

"Fotokoza, iwe! Zakuda zija unkasinja m'kamtondo zinali chiyani?"

AFeggie anafunsa ataima, manja m'chiuno, chonsecho mchimwene wawo Levison anali atangogona masiku atatu kumanda. Feliya, mkazi wa malemuyo, anali pamphasa, mutu wometa. Anabwera kuno ku Kaluluma pa chitengwa. Akapezeka wolakwa lero, anyamula kachikwama kake n'kusiya nyumba, munda ndi ana omwe.

"Tsabola wakuda, alamu."

"Tsabola! Amalume, mwamva? Mankhwala a m'botolo amathira tsabola ngati ndiwo?"

AMphepo, malume a malemu, anangokhosomola. Nkhalamba imeneyi mlandu ukafika povuta imayamba chifuwa.

Feliya anafotokoza, mtima ukuwira. Mawondo a Levison ankatupa chaka chilichonse akamathyola fodya. Feliya anakamugulira makapisozi a chikasu ku Boma, koma mwezi unatha popanda kusintha. Atabwerera kukadandaula, mayi wa kufamase anamuuza kuti chikasu pachokha chimangodutsa m'mimba, thupi silichigwira. Chimafuna mafuta ndi tsabola wakuda pang'ono kuti chilowe m'magazi. Ndiye m'mawa uliwonse ankatsegula kapisozi, n'kusakaniza ufawo ndi chiponde ndi tsabolayo, n'kuumba kambulu. Levison ankakalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti akamezera kuchigafa cha fodya.

"Chalowadi m'magazi!" anakuwa aFeggie. "Munthu wamphumphu kugwa m'munda ngati thumba la feteleza! Achipatala anene zawo za BP, ife si ana. Tisecha paliponse."

Anasechadi, mopanda manyazi. Anagubuduza matiresi, anapisa m'mitsuko, anakhuthula zovala za malemu pabwalo anthu akuona. Feliya ankangoluma mano. Mlamu ameneyu, pamene Levison ankadwala, sanabwerepo ngakhale ndi nthochi imodzi, lero ndiye wasanduka wapolisi!

Atasowa kanthu m'nyumba, analowa m'chigafa, moyanikira fodya. Posakhalitsa anatuluka akuthamanga, atanyamula chitini cha mkaka chomwe anachipeza pamtanda wa denga.

"Si izi! Ankabisa kuno mfiti iyi!"

AMphepo anatsegula. Munali timitolo ta masamba a fodya, todzaza mpaka pakamwa. Anamasula kamodzi: kambulu kachikasu, kouma gwa. Anamasula kena: chimodzimodzi.

"Kumanga uku n'kwa Levison," anatero mkuluyo, chifuwa chitatha. "Mfundo iyi ndinamuphunzitsa ndine. Feggie, munthuyu sanameze n'kamodzi komwe. Ndiye chamupha bwanji? Mayi awa sachoka pano."

Feliya anayenera kusangalala, koma sizinatero. Miyezi iwiri yonse akudzuka kusinja, akufunsa za mawondo, bambo akuyankha kuti, "Zikusintha, mayi, manja anu ndi abwino." Kani linali bodza! Zinamupweteka kuposa chipongwe cha mlamu wake.

AFeggie sanafune kugonja chimanjamanja.

"Waona? Nayenso ankakuopa. Ankadziwa kuti umupha."

Mawuwo anamulasa. Feliya anakoka chitinicho, natenga kamtolo kamodzi. Tsamba lake silinali la pansi, lodyedwa ndi mbozi. Linali lalitali, lofewa, la giredi yoyamba, lija Levison ankakalipira ana akangolikhudza. Timitolo tonse tinali totero.

"Alamu," anatero osakweza mawu, "munthu woopa chiphe amakataya m'chimbudzi. Sakuta m'fodya wake wabwino. Mchimwene wanu tsabola ankamutentha pamtima, ine ndinaiwala. Koma inu mukumudziwa, pakamwa pake sipankatuluka 'ayi'. Ngakhale inu simunamumvepo akukukanizani kanthu."

AFeggie anatola mpango wawo n'kumapita, akung'ung'udza.

Feliya anatenga timibulu tiwiri tomwe aMphepo anamasula, natikutanso m'masamba ake. Mfundo ya mwamuna wake inamukanika. Anayesa kachiwiri, misozi ikudontha pa tsambalo, mpaka inagwira.