Kadzino ka Rutendo

Inali cha m'ma eyiti m'mawa, Loweruka, pamene ndinatsika kombi pa Mandeya. Kunja kunkawaza kamvula kaja kamene makolo athu ankati chiperoni, ana a masiku ano amati guti. Mapiri sankaoneka. Envulopu yakhaki ndinaibisa m'jekete kuti isanyowe, n'kuyamba kukwera kanjira kopita kwa alamu anga, a Raimundo.

A Raimundo ndi alongo ake a malemu mkazi wanga, Tecla. Tecla atamwalira zaka zinayi zapitazo, iwo anaimirira pasiwa n'kunena kuti mwana wathu Rutendo azikakhala kwa iwo. Makolo awo anachokera ku Mulanje, anga ku Thyolo, onse kudzathyola tiyi kuno, ndipo ine ndi Tecla tinakwatirana mwa kwathu, popanda ng'ombe za roora, malowolo a kuno. Mwa kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Sindinatsutse. Ndimagwira ntchito ku nazale ya tiyi ku esiteti, ndipo Rutendo ndimamuona kawiri pamwezi.

Ndinawapeza m'munda wa nthochi akugwetsa mikoko yoti ikwere lole ya Lolemba.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

Sanatembenuke. "Ndinamva kuti Lachinayi munapita naye ku Mutare kukagula nsapato za kusukulu."

"Nsapato tinagula."

"Kuchipatala cha mano akugulitsa nsapato masiku ano?"

Nkhani yake inali iyi. Rutendo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, koma m'mwamba kumanzere, pamene pamayenera kukhala dzino losongoka, pakadali kadzino kakang'ono ka ubwana kamene sikanaguluke. Mwezi watha anandiuza kuti dzino lakutsogolo loyandikana nako layamba kugwedera. Dokotala wa ku Mutare anamujambula ekisireyi n'kundionetsa. Dzino lalikulu losongokalo lilipo ndithu, koma linasochera. Linagona chopingasa m'fupa, pamwamba pa nkhama, ndipo mutu wake ukukankha muzu wa dzino lakutsogolo lija. Muzuwo wadyeka kale theka. Dokotala anati ayenera kuzula kadzinoko, kutsegula nkhama, kumata kaunyolo pa dzino losocheralo, n'kumalikoka pang'onopang'ono ndi mawaya mpaka litsikire pamalo pake. Mwina zaka ziwiri. Tikadikira miyezi ingapo, lakutsogololo ligwa, ndipo n'kutheka kuti linzake lidzatsatira.

Pepala lovomereza ntchitoyi ndikanatha kusaina ndekha, lamulo limandilola. Koma mwana amagona kwa a Raimundo, ndipo ulendo wa ku Mutare mwezi ndi mwezi sungabisike m'bokosi la nsapato.

Ndinawafotokozera zonsezi ataimirira, chikwanje chili m'manja. Nditamaliza anachibaya pathunthu la nthochi.

"Kadzino kameneko simukakhudza."

"Alamu, tamverani."

"Tamverani inuyo. Amayi anali nako. Amayi aang'ono anali nako. Tecla anali nako, mbali yomweyo. Amayi atapita ku Mulanje patatha zaka makumi atatu, pamudzi palibe anawazindikira. Anawaika pampando ngati mlendo wofunsa njira. Kenako anaseka, mayi wina n'kuwagwira chibwano, akuti uyu ndi mwana wa mchemwali wanga. Kuno amatiseka kuti tilibe mutupo, mfunda wa makolo uja, tilibe mudzi. Chitupa cha amayi chinkati ndi mlendo mpaka tsiku limene tinawaika. Chidindo chathu ndi chimenecho, ndiye inu mukuti akachiponye m'bini ku Mutare?"

"Si chidindo, alamu. Dokotala akuti ndi vuto loyenda m'magazi, makamaka kwa ana aakazi."

"Ehe! Magazi athu ali ndi vuto tsopano. Tamvani a sukulu." Anapukuta madzi a mvula kumaso. "Munaonapo anapiye akutsata tambala, inu? Ndinu mkamwini. Ntchito yanu inathera pamphasa."

"Dzino la mwana likugwedera."

"Za mano mumazidziwa bwino, sindikukana. La mayi ake munagulula ndi chibakera. Lero mwapeza dokotala woti akugwirireni ntchito pa mwana."

Kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa pa munthu ine ndikumva. Tecla anaguluka dzino lakutsogolo m'chaka chachiwiri cha banja lathu. Tinkadya chimanga chootcha pakhonde, kukomboni ya esiteti, ndipo dzinolo linangotsalira pachitsononkho. Magazi sanatuluke ambiri. Muzu wake unali waufupi ngati kanjere ka mpunga. Iye anawauza abale ake mmene zinachitikira, iwo anamumvetsera mwachisoni ngati mmene anthu amamverera mkazi woikira kumbuyo mwamuna wake. Kuyambira pamenepo a Raimundo sanadyeko kunyumba kwanga. Popeza palibe anandifunsa, inenso sindinayankhe aliyense. Zinatero zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

"Muitaneni mwanayo," ndinatero.

"Pakhomo panga mundilamule?"

"Chonde muitaneni."

Sanamuitane, koma Rutendo anali atamva phokoso. Anatsika kuchokera kunyumba atafunda chitenje kumutu, manja ali thovu la sopo.

"Mangwanani, Baba."

"Wadzuka bwanji, mwanawe. Tawaonetsa amalume ako dzino lija."

Anayang'ana ine, n'kuyang'ana iwo. Kenako anakweza mlomo ndi chala.

"Alamu, limene linaguluka kwa Tecla ndi liti pa manowa?" ndinafunsa.

A Raimundo anayang'anitsitsa m'kamwa mwa mwanayo. Anayandikira, n'kupukuta chala chawo chautomoni pathalauza, n'kukhudza dzinolo. Linasuntha. Analikhudzanso. Linali lomwelo, mbali yomweyo, loyandikana ndi kadzino kaja.

"Wakumenya ndani?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Hapana, Sekuru. Palibe wandimenya."

"Kusukulu? Aphunzitsi? Kapena kamnyamata kena?"

"Ndati palibe. Linangoyamba lokha."

"Likagwa," ndinatero, "kutchalitchi adzafunsa kuti mwanayu amagona kwa yani. Mudzawauza kuti linagwa lokha. Mudzaona mmene adzakumvereni."

Sindimakonda kulankhula motero, koma ndinalankhula, ndipo sindinabweze.

Anandilanda envulopu ija. Anatulutsa chithunzi chakuda chija n'kuchikweza kumwamba, kumene mitambo inali mbuu. Poyamba anachigwira chozondotsa, Rutendo n'kuwatembenuzira.

"Apa, Sekuru. Ili lagonali. Ndiye onani muzu uwu, muyerekeze ndi wa mbali inayi."

"Ndikuona. Sindine wakhungu."

Anayang'ana nthawi yaitali. Madontho ankagwera pachithunzicho kuchokera m'masamba a nthochi, iwo n'kumapukuta ndi chala chachikulu. Ndinkadikira kuti anene kanthu za Tecla.

"Chinthu chachikulu chonchi," anatero, "sichinagone m'menemu dzulo. Madokotala anuwo anali kuti nthawi yonseyi?"

Rutendo ndi amene anayankha.

"Anesi a mano anabwera kusukulu ndili Giredi sikisi. Anandigwiragwira nkhama, akuti dzino silikumveka. Anandipatsa kalata."

"Kalata? Ili kuti?"

"Inali ndi dzina la Baba. Ndinawapatsa Baba."

A Raimundo anatsitsa chithunzi chija pang'onopang'ono. Anandiyang'ana mmene amayang'anira nthochi yogwidwa ndi matenda asanaizule.

"Inkati chiyani kalatayo, a sukulu? Poti kuwerenga mumatha."

"Inkati apite akajambulidwe. Inkati kadzinoko kakazulidwa msanga, nthawi zambiri lalikulu limatsika lokha."

"Popanda kung'amba mwana m'kamwa?"

"Mwina popanda."

"Popanda maunyolo?"

"Mwina."

"Ndiye munatani nayo?"

"Ili m'dirowa ku nazale."

"Zaka zitatu."

"Inde."

"Chifukwa?"

Kalatayo inandipeza chaka chimodzi chitangotha chimwalirire Tecla. Rutendo akaseka, kadzino kaja kamaonekera pambali ngati mmene kankaonekera ka mayi ake. Ndinadziuza kuti ndipita naye tikamaliza kubzala, kenako ndinati mvula ikatha, kenako ndinasiya kudziuza kalikonse. Dokotala wa ku Mutare anandifunsa ngati palibe anatichenjezapo, ine n'kuyang'ana kalendala yapakhoma. Zonsezi sindinawauze a Raimundo.

"Akaseka," ndinayamba, n'kulekera pomwepo.

Iwo anamva. Sizinawafewetse mtima ngakhale pang'ono.

"Ndiye mwakwera phiri lonseli kudzandiphunzitsa kuti si chidindo, pamene inuyo mwakhala mukuchisunga m'dirowa." Analavula pambali. "Chabwino. La Tecla simunagulule. Koma ili likagwa, ndi lanu."

"Ndi langa," ndinavomera.

"Musavomere msanga ngati munthu wabwino. Zimandinyansa."

"Nonse awiri mukukangana za mano a Amai," anatero Rutendo. "Amai ankaseka atatseka pakamwa ndi dzanja, mukuganiza kuti sindinkaona? Ine sindikufuna gweru. Ndatha mwezi ndikuluma buledi ndi mbali imodzi ngati mbuzi."

"Usalankhule choncho kwa akulu," anatero a Raimundo.

"Pepani, Sekuru. Koma sindikufuna gweru."

Mvula inawonjezera pang'ono. A Raimundo anabwezera chithunzi chija mu envulopu, koma sanandipatse. Anachilowetsa m'malaya mwawo.

"Akuti liti?"

"Lachitatu, naini koloko."

"Ndipita naye ndine. Inu mukasaine pepala lawolo, mukakhale panja pabenchi. Za mwezi ndi mwezizo ndi zanu, musadzandiuze kuti ku nazale kwachuluka ntchito. Mukadzadumpha ulendo umodzi wokha, musadzapondenso pano."

"Ndamva."

"Ndipo kadzinoko asakataye. Akakandiikire m'manja."

"N'kanga, Sekuru," anatero Rutendo. "Ndisunga ndekha."

Anamuyang'ana mwaukali, iye osaphethira. Kenako anakweza phewa.

"Pita ukamalize kuchapa. Sopo akuumira m'manja."

Rutendo anakwera kunyumba osatsanzika aliyense wa ife. Ndinaima pamenepo kanthawi. Ndinkaganiza kuti mwina pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zija pangatuluke liwu limodzi. A Raimundo anazula chikwanje chawo pathunthu paja n'kuyesa kuthwa kwake ndi chala.

"Tsalani bwino, alamu."

"Mwaima pa mphukira yanga," anatero.

Ndinasuntha phazi. Iwo anayang'ana m'mwamba, n'kusankha mkoko wina, n'kuyamba kutema.

Ndinatsika kukadikira kombi. Pofika ku esiteti nthawi inali itadutsa thwelofu, guti atayamba kuyera. Ndinatsegula dirowa, n'kutulutsa kalata ija, n'kuiika m'thumba la jekete kuti Lachitatu dokotala akaione. Kenako ndinavala magambutsi n'kupita kumabedi a kumunsi, kumene timitengo ta tiyi tatsopano tinkafunika kuvundukulidwa pulasitiki dzuwa lisanaboole mitambo.