Ng'oma M'galaja ya Achipewa

Achipewa anayamba kukayika tsiku limene anapeza timitengo tiwiri toimbira ng'oma pansi pa mpando wawo m'galaja. Zaka makumi awiri akuimba nyimbo za kantri ndi mlamu wawo, awiriwiri ndi magitala basi, ndiye ng'oma zikudzatani muno? Amplifaya yokuzira mawu nayo, imene anaiika chizindikiro cha choko pa nambala yachitatu, anaipeza ili pa seveni. Utsi sufuka popanda moto.

Sanafunse. Munthu wofuna kukuchotsa m'gulu sakuuza, amangoyamba kukusekerera kwambiri, ndipo mlamuyo masiku amenewo mano anali pamtunda. Akazi awo nawonso akabwera ndi tiyi ankanong'onezana naye, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Kunena zoona, zinkawapweteka mumtima Achipewa.

Loweruka masana anafika msanga dala, ndipo anawapezerera. Mlamu anali ndi gitala yamagetsi ikulira ngati mphaka wopondedwa mchira, mayi wina wachilendo ali pa ng'oma, akuimba nyimbo ya Achipewa yonena za sitima koma ataithira phokoso la roko.

"Ndiye mwapeza kale wolowa m'malo mwanga, alamu?" anafunsa Achipewa.

"Takhalani kaye pampando wanu."

"Mwati chiyani?"

Mlamu anabwereza mokweza, akuloza. Mpandowo anali atauika pathabwa limodzi ndi ng'oma yaikulu ija yoponda ndi phazi.

"Chaka chonse chino mwakhala mukulowa mochedwa, alamu," anatero. "Ine ndikasintha, inu mumatsalira m'mbuyo. Gitala yanga simukuimvanso. Amplifaya ija mwakhala mukukweza ndinu, pang'onopang'ono."

Bodza lenileni, anaganiza Achipewa, koma anakhala pansi kuti awatsutse bwino. Mayi uja anaponda ng'oma. Di, di, di. Kugundako kunadutsa m'thabwa, kukwera m'nsapato mpaka m'mawondo. Zala zinapeza zokha zingwe za gitala, ndipo analowa pa nthawi yake ndendende. Nyimbo ya sitima inayenda mpaka kumapeto osapunthwa, ndipo zimenezi n'zimene zinawachititsa mantha.

Atamaliza anayang'ana pakhomo. Akazi awo anali ataima pomwepo ndi makapu, akulankhula ndi mlamu, milomo ikuyenda ngati masiku onse aja. Achipewa anayang'anitsitsa pakhosi pa akazi awowo, mitsempha ikudzuka. Akazi awo sankanong'ona ayi; makutu a Achipewa ndiwo sankamvanso bwino.