Kabokosi Kamene Kanachotsa Atelala

M'tauni yonseyo munalibe wodziwa bizinesi ya mpweya ngati Wampweya, ndipo mwiniwakeyo sankadikira kuti wina amunenere. "Chiyambireni ine," ankatero akudziguguda pachifuwa, "palibe wodwala wanga amene anatisiya chifukwa chosowa mpweya. Ngakhale mmodzi!" Anali atayenda maiko, atasenza matumba padoko, atagulitsa matayala akale kumalire, n'kubwerako ndi masilinda anayi a okosijeni. Tsopano anali ndi masilinda ambirimbiri, kalole kamodzi, ndi odwala chifuwa makumi anayi owaperekera mpweya kunyumba.

Chimene ankanyadira koposa chinali apu yake ya pafoni. Akatswiri a makompyuta atamuuza mtengo woti amupangire, anaseka mpaka kutsokomola, n'kukhala yekha pa laputopu. Anapeza webusayiti yopangira apu popanda kulemba chilankhulo cha makompyuta: umangokoka timabokosi n'kutilumikiza ndi timizere, aka kakuti "tumiza uthenga", ako kakuti "ika pamndandanda wa dalaiva". Pofuna kufulumira, anatenga apu yopangidwa kale ya ogulitsa madzi a m'mabotolo, n'kungosintha mayina. Masiku anayi okha, zinatheka. Apuyo inkafunsa wodwala aliyense pafoni ngati akufuna silinda, inkauza a kufakitale masilinda oti adzaze, inkalemberanso dalaiva njira yoyenda.

Lachisanu lina masana, dalaivayo, amene anali mlamu wake, anatsitsa masilinda opanda kanthu n'kudziwongola msana pakhomo la ofesi.

"Alamu, apu yanuyi ndiipatse mkazi," anatero. "Yandipulumutsa ku masitepe a atelala aja. Nsanjika yachitatu, chisilinda paphewa! Anapeza wina wowaperekera eti?"

"Atelala ati?"

"Akale aja, a nyumba yoyang'anizana ndi chigayo. Masabata awiri sindinawaone pamndandanda."

Wampweya anatsegula laputopu. Pamndandanda wa odwala atelala panalibe. Anawapeza kwina, patsamba limene anali asanalitsegulepo, lolembedwa kuti "Osiya kugula". Anatsatira kamzere mpaka anafika pa kabokosi kotuwa, kobisika kuseri kwa tinzake: akapanda kuyankha mauthenga atatu, muchotseni. Kwa wogula madzi lamulolo linali lanzeru, wosayankha ndiye kuti akumwa kwina. Nanga wodwala chifuwa akapume kwa yani?

Anawerenga ndi zala. Silinda imodzi inkawakwanira atelala masiku khumi. Yomaliza anailandira masiku khumi ndi asanu ndi limodzi apitawo.

Anaimba foni ya atelala. Inalira, inalira, inaduka yokha.

"Tenga yodzaza, tiye!"

"Yodzaza iti, alamu? Apu inaitanitsa zokwanira a pamndandanda basi, ndipo zonse ndapereka. Kufakitale atseka mpaka Lolemba."

Wampweya anayenda m'sitolo akugogoda silinda iliyonse ndi kiyi ngati angaigwire bodza. Zonse zinali mbee. Kunatsala khomo limodzi, ndipo linali khomo limene sankafuna kuliona: la mayi wina wogulitsanso mpweya kuseri kwa msika, amene iye anamupatsa dzina loti Amakope chifukwa cholemba odwala ake m'kope la kusukulu. Pamsonkhano wa amalonda anawaseka mayiwo pagulu, n'kunena kuti kope lawo lidzadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi bizinesi.

Anawapeza akupukuta kauntala.

"Ha, abwana a timabokosi! Mwasochera?"

"Mayi, ndibwerekeni masilinda awiri. Pali munthu."

Amakope anamuyang'ana kumaso, chipongwe chonse n'kuthera pakamwa. "Masiku angati?"

"Asanu ndi limodzi opyola."

"Mayo ine. Tengani awo ali kukhomowo. Thamangani, zonyozanazo tidzapitiriza."

Mumsewu munali mothinana ngati dala. Kutsogolo kwawo kunali lole ya simenti yoyenda ngati ikupita kukakwatira monyinyirika. Wampweya ankaimbabe foni ija. M'mutu mwake munkangobwera nkhope ya atelala tsiku loyamba, akumuyeza mapewa ndi maso n'kumuuza kuti jekete lake linasokedwa ndi mdani. Ankaonanso nsalu yoyera, anthu ataima m'masitepe, wina akuloza kalole kolembedwa dzina la bizinesi yake.

Atafika, Wampweya anasenza silinda imodzi yekha. Pansanjika yachiwiri inayamba kumulemera, koma anakwerabe. Pakhomo la atelala panali fumbi ndi kapepala ka bilu ya madzi kamene palibe anakatola.

"Odi! Bambo! Ndi ife a mpweya!"

Zii.

Anamenya chitseko ndi chikhatho. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira, mwana ali kumsana. "Kuyambira dzana sindinawamve akutsokomola," ananong'ona. "Mwana wawo wamkazi uja anapita kukabereka kwa apongozi ake. Ndiye ankawayankhira zapafonizo."

Mlamu anabwerera m'mbuyo, n'kuchigunda chitseko ndi phewa. Kachiwiri loko anathyoka.

M'chipindamo munali fungo la mankhwala opaka ndi nsalu zakale. Makina osokera anali ovundikiridwa. Atelala anali pampando pafupi ndi windo, mutu utagwera pachifuwa, kapaipi kali m'mphuno, milomo itada bii. Kamuvi ka geji yoonetsa mpweya wotsala m'silinda kanali katagona pansi penipeni pa chofiira. Wampweya anaima ndi silinda paphewa, osatha kuitsitsa, osatha kusuntha.

Kenako chala chimodzi cha atelala chinagwedezeka pabondo.

Sanadziwe kuti sipanala inafika bwanji m'manja mwake. Anamasula silinda yakale, anamanga yodzaza, anatsegula, mpweya n'kuyamba kulira kuti sii. Anagwada pamenepo akuwerenga kukwera ndi kutsika kwa chifuwa chowondacho. Mphindi zinapita. Maso anatseguka pang'onopang'ono, n'kumupeza.

"Mwabwera, a jekete loipa," atelala anatero, mawu ngati pepala.

"Bambo, osatiimbira bwanji?"

Anapuma kaye kangapo. "Foni yanu inandilembera. Anandiwerengera anebawa. Akuti pepani kuti mwatisiya, tikufunirani zabwino zonse." Anapumanso. "Ndinati andichotsa. Munthu akakutsanzika, umamukakamira? Ndiye ndimangotsegula pang'ono, m'mawa ndi madzulo. Telala amadziwa kudula nsalu yochepa."

Wampweya, amene anakanganapo ndi asilikali a m'malire atatu osaphethira, anatulukira pakhonde n'kukhala pansi. Mlamu anatsala akuimbira adokotala a atelala ndi mwana wawo uja.

Asanadzuke pakhondepo anatsegula apu pafoni. Patsamba la osiya kugula panalibe dzina lina. Anagwira kabokosi kotuwa kaja n'kukataya. Pamalo pake anakokerapo kena: wosayankha kamodzi, foni ya bwana ilire, ndipo isasiye mpaka munthu akagogode pakhomo. Kenako anatsegula timabokosi tonse, kamodzikamodzi, n'kuwerenga chilichonse cholembedwamo, zimene sanachite m'masiku anayi aja.

Lolemba m'mawa kalole kanaima kuseri kwa msika. Wampweya anatsitsa masilinda yekha, mlamu akungoonerera.

"Ali moyo?" anafunsa Amakope.

"Ali moyo. Akuti ndiwatengere jeketeli akalikonze."

"Nanga awa? Ine ndinakubwerekani awiri."

"Wachitatuyo ndi wopepesera za chiswe ndinanena zija."

Amakope ananyowetsa chala, anatsegula kope lawo, n'kulemba pang'onopang'ono kuti iye aziona bwino: abwana a timabokosi, abweza masilinda atatu.