Maekala Awiri Pakhoma la Msika

Chaka chimene anyezi anagwa mtengo mpaka alimi n'kumamukhuthulira ng'ombe m'mbali mwa msewu, boma linalengeza kuti liwonjezera ndalama pa thumba lililonse logulitsidwa motchipa. Mudzi wonse unakondwa kupatula Bherulal Dhakad, yemwe ankadziwa kuti boma likafuna kukuveka limayamba lakuvula.

Miyezi itatu m'mbuyomo kunabwera a Mangilal kudzaona Sugna, mwana wamkazi wa Bherulal, kuti akwatiwe ndi mnyamata wawo. Mlendo wotere sangoona mtsikana, amaonanso munda. Bherulal anawayendetsa maekala khumi, dzanja akulitambasula ngati wapolisi wapamsewu. Ake anali awiri okha. Enawo anali a Ratanlal, mnzake wa m'malire, yemwe tsikulo anali kumaliro. Chitomero chinatheka, maswiti anagawidwa.

Tsopano mayina a olandira anamatidwa pakhoma la msika wa ku Neemuch: dzina, dzina la bambo, mudzi, maekala. Bherulal analawirira kuti akapalepo mzere wake ndi chikhadabo. Anapeza khamu, ndipo kutsogolo kwenikweni kunali a Mangilal, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala.

"Asewere, mwabwera bwino," anatero a Mangilal. "Magalasi ndaiwala, ndipo tizilembo iti tikungokhala ngati nyerere zakufa. Tandipezereni dzina langa."

Bherulal analipeza. Maekala khumi ndi awiri, ndendende monga a Mangilal ananenera pa chitomero. Palibe munthu wosowetsa mtendere ngati wonena zoona.

"Nanga lanu? Ndi minda ija, inu boma mulisiya lopanda nsapato."

Akanatha kunena khumi. Koma kumbuyo kwake kunaima Ratanlal, akutafuna mtedza, ndipo Ratanlal anafika sitandade eyiti, kuwerenga ankadziwa.

"Awiri," anatero Bherulal.

"Awiri chiyani? Mathirakitala?"

"Maekala."

"Nanga anyezi uja ndinamuyamikira pafupi ndi chitsime?"

"Ameneyo ndi wanga, akulu," anayankha Ratanlal. "Zikomo poyamikira. Uthengawo wandipeza lero."

Ena anaseka, ena anayamba kuwerenga mwakhama mayina a anthu osawadziwa.

A Mangilal anamugwira mkono n'kupita naye kwa wogulitsa tiyi. Anaitanitsa makapu awiri n'kulipira okha, ndipo zimenezo zinamupweteka Bherulal kuposa kuseka kuja.

"Musamulange mwana," anatero Bherulal, maso ali m'kapu. "Sugna sananame. Tsikulo anali m'nyumba, akuphika."

"Mwanayo ndinamuona. Zophika zake ndinadya, ndi zake zenizeni, kapena nazonso n'za Ratanlal?"

"N'zake."

A Mangilal anapemerera tiyi wawo. "Ine ndikutenga mtsikana, munda ndili nawo. Koma mayi a kunyumba auza mudzi wonse kuti mwana wawo akukwatira pa maekala khumi, mpaka anayambana ndi mng'ono wawo pa nkhani yomweyi. Mawu omaliza ndi awo. Ine sindikawauza, msana wanga ndi wokalamba. Mukawauze nokha, pakamwa pomwe munanamira."

"Liti?"

"Njinga yamoto ili apo."

Bherulal anakwera kumbuyo. Pogwira panalibe, choncho anagwira m'chiuno mwa asewere ake. Ulendo wake ndi wa mphindi makumi anayi, ndipo njira yonse ankayeserera chamumtima poyambira kuwauza mayi aja zoona.